Galimoto ya a Mkandawire ndi Kabuleta ya Vani

Ana inu mumandinena kuti ndikayamba nkhani ya magalimoto sindiimaliza. N'chifukwa chake iyi ndailemba, kuti amene watopa angotseka buku mwakachetechete. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilemba, munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa ine.

1976 mpaka 1994

Ntchito yanga yoyamba inali pa garaja ya kampani ina yonyamula katundu ku Kanengo. Ndinalowa ndili wotsuka zitsulo m'beseni la dizilo, ndinatuluka ndili foromani. Amene anandiphunzitsa umakaniko anali a Bwanali, munthu wamfupi wa mawu ochepa, ndipo malamulo awo anali awiri okha. Loyamba linali lakuti galimoto zonse n'chimodzimodzi: injini kutsogolo, giyabokosi kuseri kwa injiniyo, zotsalazo n'zokometsera. Lachiwiri linali lakuti chimene sukuchidziwa, chichotse, uikepo chimene ukuchidziwa. Galimoto yatsopano ikangofika, tinkayamba n'kuchotsa temositati, kachitsulo kamene kamatsekera madzi mpaka injini itatentha. A Bwanali ankati kameneko n'ka kumayiko ozizira, kuno dzuwa ndi laulere. Malamulo amenewa anandidyetsa zaka zonsezo, ndipo malole athu ankafika ku Karonga n'kubwerako. Mu 1994 kwacha itagwa mphamvu, kampani inachepetsa antchito, dzina langa linali m'gulu la ochotsedwa. Ndinapuma milungu yochepa kunyumba kwathu ku Kawale, mayi anu n'kuyamba kundiyang'ana ngati mpando umene waikidwa pamalo olakwika. Ndipamene ndinakapempha ntchito pa kagaraja ka a Chirambo ku Biwi.

A Chirambo anali a ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi m'kati mwa ovolosi. Masiku amenewo masipeya anali osowa kwambiri. Amasitolo ankati alibe ndalama zakunja zoitanitsira katundu, choncho garaja iliyonse inali ndi manda ake a magalimoto akufa kuseri. Ntchito yathu yambiri inali kufukula m'mandamo.

1995, nyengo yozizira

Tsiku lina m'mawa a Chirambo anandiitana. "A Ndau, tengani masipanala anu mupite ku Area 25. Kuli galimoto ya mkulu mnzanga wa kumpingo, a Mkandawire. Akudwala, simukapeza wokambirana naye za injini, koma mayi akunyumba akakufotokozerani."

"Galimoto yanji, bwana?"

"Ya ku Jeremani. Ine ndinaikwera kamodzi, msana unandipweteka sabata yathunthu. Mukaiona nokha."

Ndinatsika minibasi pa Nsungwi n'kuyenda pansi. Anandilandira ndi Mayi Mkandawire, mphunzitsi wa pulayimale, mayi wamtali wolankhula mosathamanga. Pakhonde panali amuna awo pa mpando wa ndalema, bulangete m'miyendo, ndodo m'dzanja lamanzere. Ndinawalonjera, iwo anangondiyang'ana. Mayiwo anandiuza kuti bambowo anali injiniya, anaphunzira ku Jeremani, ndipo pobwera anabwera ndi galimoto. Zaka zinayi m'mbuyomo anachita sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, mawu anapita, koma kumva ankamva.

"Abale awo agwirizana kuti kumapeto kwa mwezi uno awatenge apite nawo ku Rumphi," anatero mayiwo. "Adokotala akuti mtima watopa. Mukudziwa, Abambo, munthu asamalizikire m'tauni ngati wopanda kwawo. Ine sindikukana. Koma tsiku lililonse amakhala pomwepa n'kumayang'ana lona uyo. Ndikufuna akweremo kamodzi asanapite. Kuikokera kugaraja musayese, tinayesapo, anakana kudya masiku awiri. Muikonzere pompano akuona."

Nditavundukula lonayo ndinaima kaye manja m'chiuno. Inali yofiira, yokhala pa njerwa, denga lake losapitirira pachifuwa panga. Zitseko ziwiri zokha. Kutsogolo kunali kosongoka, ndipo nyali sindinazione paliponse. Chiwongolero chinali kumanzere. Mipando yakumbuyo inalipo, koma yoti mwana wa sitandade wani akhalemo atapinda maondo. Kumbuyo konse kunali galasi limodzi lalikulu, pansi pake pali nambala yakuti 924. Ndinagwada kuti ndione pansi, ndinapeza kuti mimba yake ili pafupi ndi dothi moti nkhuku yoyenda mowongoka singadutsepo.

"Mayi, galimoto imeneyi ntchito yake n'chiyani?"

"Kuthamanga basi," anatero. "Iwo ankati kwa eni ake imeneyi ndiye yotchipa, yoyambira anthu amene sanalemere. Akuluakulu a kumeneko ankaiderera chifukwa injini yake ili kutsogolo ndipo imazizira ndi madzi. Akuti galimoto zenizeni za kampani imene inaipanga injini imakhala kumbuyo, ndipo imazizira ndi mphepo."

Apa mutu wanga unaima. Injini kutsogolo, radiyeta ya madzi, ndiye kuti galimoto yolongosoka ngati zonse, koma chimenecho ndicho ankainyozera. Ndiponso ngati iyi inali ya osauka a ku Jeremani, osaukawo ankanyamulira pati thumba la chimanga, ndipo kumaliro ankapita angati? Sindinafunse, ndinangotsegula boneti.

Injiniyo inali ya masilinda anayi, malita awiri, koma yogona chammbali kuti boneti itsike. Nditalumikiza batire imene ndinabwera nayo n'kukhudza kabatani kena, ndinamva phokoso kutsogolo, nyali ziwiri n'kutuluka m'thupi la galimoto ngati chule akutsegula maso. Ndinadumpha, sipanala n'kugwa. Pakhonde ndodo inagogoda pasimenti. Ndinacheuka, koma nkhope ya a Mkandawire inali yopendekera mbali imodzi, sindinadziwe ngati akundiseka kapena akundikalipira.

Kenako ndinalowa pansi kuti ndione mafuta a m'giyabokosi. Ndinapeza injini, ndinapeza kilatchi, koma kuseri kwake kunalibe giyabokosi. Panali chipaipi chachikulu chowongoka cholowera kumbuyo. Ndinatuluka, ndinapukuta maso, ndinalowanso. Ndinayamba kuganiza kuti anyamata a m'dera anaiba kalekale n'kuikapo paipi ya madzi, ndipo ndinkasinkhasinkha mmene ndiwauzire mayiwo. Ndodo inagogodanso. Ulendo uno a Mkandawire anaikweza movutikira n'kulozera kumatayala akumbuyo. Ndinakwawira kumeneko, ndipo giyabokosi inali pomwepo, pakati pa matayala awiriwo, ili phee. M'kati mwa chipaipi chija munali shafiti yochokera ku injini.

Madzulo mayiwo atabwera kuchokera kusukulu ndinawafunsa chifukwa chake. "Ankati n'cholinga choti kulemera kugawanike, kwina kutsogolo kwina kumbuyo, kuti pokhota isaterereke," anatero. Zimenezo ndinazimva, chifukwa ndi mmene munthu amamangira katundu panjinga. Koma zoti anthu anzeru angavutike chotero pofuna kungokhota, pamene ukhoza kungoponda buleki, zinandikanika kumvetsa.

Vuto lenileni linali la petulo. Kabuleta, chosakanizira petulo ndi mpweya, panalibe. M'malo mwake panali chitsulo chokhala ngati kangaude, timapaipi tinayi tochokera pamenepo kupita ku silinda iliyonse, ndi kambale kamene mpweya umakakweza kuti petulo ayezedwe. Pampu yake inali kumbuyo, yokankha mwamphamvu kwambiri. Zinthu zoterezi ndinkangozimva, pa dizilo ndinkazidziwa, koma pa petulo ndinali ndisanazigwirepo. Petulo wa zaka zinayi anali atauma m'katimo ngati manyuchi, kapisitoni kakang'ono ka m'kangaudemo katagwira dzimbiri. Ndinaviika, ndinatsuka, ndinapemerera, ndinapemphera. Kanamasuka, koma kanali katadyeka, petulo ankangosefukira, mapulagi n'kunyowa. Injini inkatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Ndinatha sabata ndikuchita zimenezi, a Mkandawire akundiyang'ana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

A Chirambo anaimba lamya ku Blantyre, a ku Blantyre anati afunse ku Joni. Yankho linabwera lakuti chitsulocho chilipo, koma kuti chifike pafunika miyezi. Mwezi wathu unali utapita kale pakati.

Ndiye tsiku lina ndikufukula m'manda a garaja ya mnzathu ku Biwi komweko, ndinaona vani yakale ya ku Jeremani imene kale inkanyamula odwala ku mishoni ina. Nditasuzumira pa injini yake ndinakhala pansi. Thunthu la injiniyo linali lofanana ndi la galimoto yofiira ija, ngati ana a mimba imodzi. Kusiyana kwake kunali kwakuti ya vaniyo inali ndi kabuleta wamba, yoti ndikhoza kuimasula nditatsinzina. Galimoto yothamanga, yobwera pa sitima yapamadzi, yokhala ndi mtima wa vani ya odwala. Mpaka lero ndikaganiza za anthu a ku Jeremani ndimangopukusa mutu.

Ndinawafotokozera a Chirambo. Iwo anakonza tayi yawo n'kunena kuti, "Ikalira ilira, koma sikhalanso galimoto imene munthu uja anabwera nayo. Ine sindikuuzani chochita, a Ndau. Foromani ndinu."

Ndinawafotokozeranso mayiwo. "Afunseni eni ake," anatero.

Ndinagwada pakhonde paja, kabuleta ili m'manja. "Abambo, chitsulo chanu chafa, ndipo china sichifika msanga. Ichi n'cha vani. Ndikaikapo, galimoto iyenda sabata ino, koma zanu zija ndizichotsa zonse. Ndichite?"

Anayang'ana kabuletayo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana galimoto, n'kugogoda ndodo pang'onopang'ono. Ndinacheukira kwa mayiwo.

"Akagogoda choncho nthawi zina amafuna tiyi," anatero motsitsa mawu. "Nthawi zina amakhala atakwiya. Sindikunamizani, Abambo, ine sindidziwa."

Ndinavutika mumtima kwambiri. Munthu amene ankadziwa galimotoyo kuposa tonse anali pomwepo, maso ali gwa, koma nzeru zake zinali zitatsekeredwa m'kati. Ndikadikira chitsulo chenicheni, iye apita ku Rumphi osakweramo. Ndikaika cha vani, ndiye kuti ndikuphwasula pamaso pake chinthu chimene ankachinyadira. Pomaliza ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ndinatenga sipanala.

Ndinamasula kangaude uja ndi timapaipi take, ndinazikulunga m'nsalu yoyera n'kukaziika pafupi ndi mapazi awo. Anaikapo nsonga ya ndodo, osaichotsa tsiku lonse. Mabowo a majekisoni, mmene timapaipi tija tinkathirira petulo mu injini, ndinawatseka. Wowotcherera wa ku Mchesi anandikonzera chitsulo cholumikizira kabuleta ku injini, ndipo ndinaika pampu yofatsa ya pikapu. Nditamaliza, boneti inakana kutsekeka chifukwa kabuleta inali yaitali, moti ndinapitanso ku Mchesi kwa wokhoma zidebe kuti andipangire chosefera mpweya chaphwatalala.

Pali chinthu chimodzi chimene chinachitika pamenepo chimene chimandizunguzabe. Ndikusintha mapaipi a madzi, dzanja langa linapita lokha pa temositati kuti ndiichotse monga mwa nthawi zonse. Ndodo inamenya simenti mwamphamvu moti nkhuku zinabalalika. Pamenepo panalibe chokayikitsa, kunali kukana. Ndinaibwezera msangamsanga. Koma m'minibasi pobwerera ku Kawale ndinayamba kudzifunsa. Ngati munthuyu amatha kukana momveka chonchi, ndiye kuti za kabuleta zija sanakane. Kapena anakana, koma mphamvu zinali zitamuthera. Kapena anaona kuti palibe kuchitira mwina, ndiye anangofuna kupulumutsako kanthu kamodzi. Ndinafika kunyumba nditasintha maganizo kangapo.

Inalira Lachinayi masana. Utsi unadzaza bwalo, ana a m'makomo oyandikana anakwera pampanda. A Mkandawire anatseka maso n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi yosamveka bwino.

Lachisanu lole ya abale awo inali itafika kale, katundu akumangidwa. Mng'ono wawo ndi ine tinawanyamula n'kuwakhazika mumpando wakumanja, ndipo sinali ntchito yamasewera chifukwa mpandowo uli pansi ngati mphasa. Mayiwo anawamanga lamba, anawakonza kolala, n'kubwerera m'mbuyo. Malo oti iwo akhale munalibe. Potuluka pageti tinayala matabwa pangalande, komabe mimba ya galimoto inakhula pansi, ine mano n'kuluma. M'misewu yafumbi ya m'Area 25 ndinkayenda chokhotakhota kuzemba mabampu, ana akutithamangira, ena mpaka kutipitirira.

Titafika pamsewu waukulu wa M1 ndinakhotera kumpoto, cha ku Lumbadzi. Inali nyengo yogulitsa fodya, malole odzaza mabelo anali ndandanda kulowera ku Kanengo. Kukhala kumanzere kunandisokoneza, ndinali kufupi ndi apanjinga m'mphepete mwa msewu, ndipo kutsogolo kwa lole sindinkaona. Titapitirira pang'ono msewu unayera.

Ine ndinaphunzira kuyendetsa pa magalimoto a kampani, kumene ukachedwa kusintha giya amakufunsa ngati petulo ndi wa bambo ako. Choncho ndinachoka mu yachiwiri msanga, ndinalowa yachitatu, ndipo injini isanayambe n'komwe kukweza mawu ndinagwira ndodo ya giya kuti ndiike yachinayi. Pamenepo dzanja lamanzere la a Mkandawire linagwa pamwamba pa langa. Linali lozizira, koma lamphamvu kuposa mmene ndinkaganizira. Linakanikiza dzanja langa kuti lisasunthe. Ndinawayang'ana. Maso awo sanali pa ine kapena pamsewu, anali pa kawotchi kosonyeza kuzungulira kwa injini.

Ndinaponda. Muvi wa kawotchiko unayamba kukwera, mawu a injini anasintha, galimoto inakhala ngati yadzuka kutulo. Kutsogolo kunali kokhota, phazi langa linafuna buleki, koma dzanja lija linandifinya, ndipo sindinaponde. Tinakhota ngati tili pa njanji, osapendekeka, matayala osalira. Zaka zonse zimene ndinagwira magalimoto ndinali ndisanamvepo zotero, ndipo ndinachita mantha osakanikirana ndi chimwemwe.

Muvi utangopitirira pakati, injini inabanika. Kabuleta ya vani inapangidwira kukoka odwala pang'onopang'ono, kukhosi kwake n'kochepa, mpweya umene injini inkafuna pamenepo sukanadutsa. Ndinaponda mpaka pansi, koma muvi unaima, kenako n'kuyamba kunjenjemera, galimoto ikudukiza. Theka lina lonse la kawotchiko linatsala osafikidwa. A Mkandawire anagwirabe dzanja langa kwa kanthawi, kudikira. Kenako analisiya.

Ndipamene anatulutsa mawu, oyamba kuwamva ine chifikireni pakhomo pawo. Anachokera pansi pa chifuwa, aatali, odukaduka, mapewa akugwedezeka. Ndinaima m'mbali mwa msewu n'kuwayang'anitsitsa. Mbali imodzi ya mlomo inali itakwera, inayo ili lende monga mwa masiku onse. M'diso limodzi munkatuluka misozi, koma diso limenelo linkatuluka misozi ngakhale ali pakhonde. "Abambo, tibwerere?" ndinafunsa. Anaika dzanja pa dashibodi n'kulisiya pomwepo. Ndinatembenuza galimoto, ndipo njira yonse yobwerera anali atatsinzina.

Kunyumba mayiwo sanandifunse kanthu. Anandipatsa madzi osamba m'manja ndi tiyi, n'kupita kukathandiza kumanga katundu. Loweruka m'mawa lole inanyamuka, a Mkandawire atagona pa matiresi kumbuyo.

1996

A Mkandawire anamwalira ku Rumphi chaka chomwecho cha 1995, mvula isanayambe. A Chirambo anapita kumaliro, ine ndinatsala kuyang'anira garaja. Chaka chotsatira, sukulu zitatsegulidwa, ndinaona Mayi Mkandawire ataima pageti pathu ku Biwi, atavala zakuda, akuzemba madontho a oyilo. Ndinawapatsa mpando wa minibasi umene tinkakhalira, ndinawapepesa, tinakambirana za mvula ndi za ulendo wa kumpoto. Kenako anayamba kupinda ndi kufunyulula kampango m'manja.

"Abambo Ndau, tsiku lija sindinakufunseni chifukwa ndinkaopa yankho. Kumsewu kuja zinayenda bwanji? Anakondwa?"

Ndinawafotokozera zonse, za dzanja, za pokhota paja, za kubanika kwa injini, ndi za mawu aja. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye kunali kuseka kapena kulira?"

Yankho labwino linali pamlomo, ndipo palibe akanandigwira bodza. Koma mmene ankandiyang'anira mayiwo, ndinaona kuti sanakwere minibasi ziwiri kudzafuna kutonthozedwa.

"Mayi, ndakhala ndikuganiza miyezi yonseyi. Ndinali nawo pafupi ngati mmene tililimu, ndinawayang'ana kumaso. Sindikudziwa."

Anapuma mozama, mapewa awo n'kutsika.

"Zaka zinayi ndinkawayang'ana chomwecho m'mawa ndi madzulo," anatero. "Abale awo ankati mkazi weniweni amadziwa chimene mwamuna wake akufuna. Ndinkayesa kuti wolephera ndine ndekha."

Anapukuta m'maso, anathokoza kuti yewo, n'kuimirira. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji, ndipo tinadikira minibasi limodzi.